Khutu la Gologolo wa Achemwali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5, chaka chimene achemwali anga a Elube anabwerako ku Limbe atalephera ntchito. Popita kutauniko anali mtsikana wathupi, woseka mokweza moti ndi a kutsidya kwa dambo omwe ankamva. Pobwera, minibasi inawatsitsa pamsewu, amalume n'kuwakweza pakaliyala wa njinga, amayi akuyenda pambali atawagwira m'chiuno kuti asagwe. Munali mu 1998. Kwathu ndi chakufupi ndi Mikolongwe, m'mudzi wa Alomwe okhaokha, ndipo masiku amenewo matenda aja sankatchulidwa dzina. Munthu akafunsa kuti akudwala chiyani, ankangoyankhidwa kuti, "Ndi zomwezi," wofunsayo n'kugwedeza mutu.

Bambo athu anali atatisiya kalekale n'kukakwatira ku Thyolo, choncho pakhomo tinalipo atatu: amayi, achemwali ndi ine. Mwini mbumba anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu. Masabata oyambirira anthu ankabwera kudzazonda matenda, ena ndi kaufa m'mbale, ena ndi nyimbo. Kenako mapazi anayamba kuchepa. Sindikuwaimba mlandu. M'mudzimo nyumba zodwazika zinali zambiri, ndipo miyendo ya munthu ndi iwiri yokha. Achemwali anatsala ndi mphasa yawo pakhonde, kabotolo ka madzi, ndi mtengo wa mkuyu umene unali kumapeto kwa bwalo. Mumkuyumo munali mphako, ndipo mumphakomo munkakhala gologolo.

Gologolo kwathu ndi ndiwo. Mnyamata aliyense wa msinkhu wanga ankayenda ndi legeni m'khosi, ndipo pakanapanda achemwali, kanyama kaja kakanathera m'mbale sabata yoyamba yomwe. Koma iwo anaitanitsa anyamata a m'mudzimo, n'kuwauza mosaseka kuti amene adzaphe gologolo ameneyo, iwo akadzamwalira adzayambira kwa iyeyo kuyendera. Anyamata aja anayang'ana mafupa a m'khosi mwa achemwali, anaona kuti tsikulo silili patali, ndipo palibe amene analozanso legeni kumkuyu wathu.

Achemwali anamupatsa gologoloyo dzina loti Amayi Busa. Akatola njere ya mtedza ankakakhala chowongoka panthambi, manja ali pachifuwa ngati akutsegula mapemphero, akamaliza kudya n'kuyamba kulalatira aliyense wodutsa, kaya ndi nkhuku, kaya ndi galu, kaya ndi amalume, mchira ukugwedezeka. Achemwali ankamasulira ulalikiwo. "Mwamva amayi? Akuti miseche ya kuchigayo muichepetse." Amayi ankatsonya n'kunena kuti mtedza umenewo ndi wambewu, ife tikunenepetsa ndiwo zoti adzadye ena. Koma thumba la mtedzalo ankaliiwala dala losamanga, pafupi ndi chitseko. Pang'ono ndi pang'ono Amayi Busa anazolowera mpaka kumatsika kudzatola njere m'mphepete mwa mphasa. Nthawi imeneyi ndi yokhayo imene ndinkamva achemwali akuseka, ngakhale kuti kuseka kwake kunkathera m'chifuwa.

Tsono ndinene za ine, chifukwa wolakwa m'nkhaniyi ndine.

Amalume anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, yamawanga akuda ndi oyera, imene tinkaitcha Dona chifukwa inkadya bwino kuposa ife. Paunyamata wawo anagwirapo ganyu kumalo a ziweto ku Mikolongwe, ndiye ngakhale analibe pepala lililonse, mbuzi ikadwala m'mudzimo anthu ankathamangira kwa iwo. Ine ndinali dzanja lawo lamanja: kumweta nsenjere, kusakaniza madeya, kugwira chingwe iwo akamapopera Dona mankhwala a nkhupakupa. Mankhwalawo tinkangoti a dibi, ndipo ankakhala m'botolo lofiirira lotsomekedwa kudenga la khola. Lamulo lake ndinkalidziwa pamtima: kachivindikiro kamodzi pa ndowa yodzaza madzi. Madziwo ankayera ngati mkaka, ndipo fungo lake linkakhala m'mphuno tsiku lonse.

Chaka cham'mbuyo mwake galu anang'amba khutu la mbuzi ya mayi wina, balalo n'kugwa mphutsi. Ine ndinagwira miyendo, amalume anapala balalo ndi kampeni, n'kulitsuka ndi madzi oyera aja. Mphutsi zinatuluka zikupiringizika, ndipo patatha sabata ziwiri mbuziyo inali ikuba nandolo m'minda ya anthu ngati kale. Kuchokera tsiku limenelo ndinkadziona ngati munthu wodziwa. Achemwali ankanditcha adokotala aang'ono, ine osazindikira kuti akundiseka.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza achemwali atatsamira khoma, maso ali kumkuyu.

"Lameki, taona Amayi Busa lero," anatero.

Khutu lakumanzere linali litang'ambika kuyambira pamwamba mpaka patsinde, kachidutswa kena kakulendewera. Magazi anali atauma patsaya, mutu wapendekeka, ntchentche zikuzungulira. Chimene chinawapweteka sitinachidziwe. Achemwali ankati ndi kabawi amene anawaphonya, ine ndinkakayikira mwala wa mnyamata wa mudzi wina amene sanamve za kuyenderedwa kuja.

"Ndiwagwire ndiwathire mankhwala," ndinatero.

"Mankhwala ake ati?"

"A dibi. Mbuzi ija inachira."

"Iwe, amenewa ndi mbuzi? Asiye."

Ndinawasiya tsiku limenelo, ndi mawa lake, ndi mkuja. Ndikabwera kusukulu achemwali ankandipatsa lipoti ngati namwino. Lero anyambita dzanja n'kupukuta khutu kangapo. Lero kachidutswa kaja kagwa kokha. Lero kutupa kwaphwa, ndipo atukwana tambala. Iwo ankakhala pakhondepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, palibe chimene chinkawadutsa. Ine ndinkayang'ana mphindi ziwiri, chikwama chili kumsana, n'kuona chinthu chakuda ndi ntchentche, basi n'kugamula kuti mkatimo mwagwa kale mphutsi.

Ndinene zoona zake, popeza tsopano ndakula. Sikuti ndinkamukonda kwambiri gologoloyo. Ndinali nditatopa ndi kuonerera. M'nyumba mwathu zinthu zinkawola ine ndikuona. Achemwali anali ndi zilonda m'kamwa, ndi bala pamwendo limene silinkapola. Akamawasambitsa ankandithamangitsa, akamasanza ankanditumiza kukatunga madzi amene analipo kale. Palibe chimene mwana ngati ine akanachita. Khutu lija linali bala lokhalo pakhomopo lolingana ndi msinkhu wanga, ndipo manja anga ankayabwa.

Lachisanu ndinayambitsanso nkhaniyo. Achemwali sanakwiye. Anapinda mkono wa bulauzi n'kundionetsa mphini zimene zinandanda kuyambira paphewa mpaka pachigongono, zina zakale zakuda, zina zofiira.

"Izi ndi za ku Mulanje. Izi ndi za agogo aja a ku Phalombe. Izi sindikukumbukanso. Aliyense amabwera ndi lezala lake ndi botolo lake, ndipo onse ndi achifundo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo ngati ndikufuna." Anapuma kaye, chifukwa mpweya unkawathera msanga. "Tamvera, adokotala. Chinthu chikamadya, chikamakwera mtengo, chikamatukwana, chisiye. Tsiku limene adzagwe pansi osatha kukwera, ndidzakuitana ndekha."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Loweruka m'mamawa amalume anafika ndi njinga, atamanga kapilo pakaliyala. Anali atamva za bambo wina wa mizimu cha ku Ndunde, amene akuti anadzutsa munthu woti anthu anali atayamba kale kumulira. Ndinamva achemwali m'nyumba akulankhula chapansipansi.

"Amayi, ine ndatopa. Bwanji mungondisiya?"

"Tinayamba kale, mwananga," amayi anayankha. "Tisalekere panjira."

Anawanyamula n'kuwakhazika panjinga. Ine anandisiyira ntchito yomwetera Dona udzu ndi kuyang'anira pakhomo. Atangokhota pa nsungwi za kumanda, ndinathamangira kukhola n'kusolola botolo lija.

Msampha wake sunali wovuta. Ndinatenga dengu la amayi lotutira chimanga, n'kulivundikira m'mphepete mwa mphasa ya achemwali, mbali imodzi nditaitukula ndi kamtengo komangirira chingwe cha khonje. Pansi pake ndinamwaza mtedza, ine n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe nditagwira chingwecho. Sindinadikire nthawi yaitali. Amayi Busa anatsika, anaima pang'ono pabwalo, kenako analowa pansi pa dengu mosakayika konse, chifukwa pamalo amenewo panali pasanawachitikirepo choipa chilichonse. Ndinakoka chingwe.

Kuwatulutsa m'dengumo ndiye inali nkhondo. Ndinalowetsa dzanja nditalikulunga chiguduli, koma mano awo anapyoza n'kundiluma chala chachikulu mpaka pafupa. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero, timabowo tiwiri toyandikana. Sindinawataye. Ndinawapanikiza pakati pa mawondo, mtima wawo ukugunda mothamanga m'dzanja langa, n'kutembenuza mutu kuti ndione khutu lija.

Balalo linali louma. Panali nkhanambo yakuda, yolimba, m'mbali mwake mutayamba kale kumera khungu latsopano. Munalibe mphutsi, munalibe mafinya, ngakhale fungo. Achemwali ankanena zoona. Ndinaonanso china: mawere a pamimba pawo anali otupa, ubweya wozungulira utathothoka. Mwana wokulira m'khola amadziwa tanthauzo la zimenezo. Mumphako muja munali ana oyamwa.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamakumbukira. Chimene chinkafunika n'kungotambasula zala basi. Mkuyu unali pomwepo. Koma ndinali nditaba mankhwala, nditawononga mtedza wambewu, chala chikutuluka magazi. Ndinkaona ngati kuwamasula osawathira kanthu n'kuvomereza kuti zonsezo ndavutikira chabe. Ndiye ndinadziuza kuti mwina mphutsi zabisala kunsi kwa nkhanambo. Ndinaipala ndi kamtengo, monga ankachitira amalume, mpaka magazi atsopano anatuluka. Za ndowa ya madzi ndinaziganizira, koma ndinati ndowa yathunthu ya chiyani pa kakhutu kochepa chonchi? Mwanzeru zanga ndinaona kuti mankhwala osasakaniza ndi madzi ndiye achiza msanga. Ndinaviika nthenga ya nkhuku m'botolo, n'kudonthezera pabalapo katatu. Dontho lina linatsetserekera m'kati mwa khutu.

Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa gologolo wina aliyense. Sikunali kulalata kuja ayi. Ndinawabwezera pansi pa dengu, ndikuti ndawagoneka m'chipatala kuti ndione m'mene ayendere, n'kumasuzumira pa mipata ya nsungwi. Anakanda khutu ndi manja onse awiri, n'kunyambita manjawo, monga ankachitira masiku onse podzichiza. Zimenezo sindinaziganizire. Posakhalitsa anayamba kunjenjemera, malovu akutuluka, miyendo yakumbuyo ikukana. Ndinathamanga kukatunga madzi, ndinawatsuka mutu wonse, ndinawapepesa mokweza ngati munthu. Dzuwa lisanafike pamutu anali atawuma, maso ali chitsegulire.

Ngakhale ndiwo sakanakhalanso, chifukwa cha poizoni. Ndinakawakwirira m'munda, pakati pa zitsa za nandolo, n'kuikapo mwala kuti galu asafukule. Botolo ndinalibwezera kudenga, dengu ndinalitsuka, bwalo ndinalisesa. Manja ndinasamba ndi sopo, kenako ndi phulusa, kenako ndi masamba a mandimu, koma fungo la dibi silimvera zimenezo.

Achemwali anabwera madzulo ali lende, ndi mphini zatsopano pachifuwa ndi botolo la mankhwala akuda. Tsiku limenelo sanafunse kanthu. Lamulungu m'mawa amayi ndi amalume anapita kutchalitchi, ine n'kutsala ndi wodwala. Anandiuza kuti ndiwatulutse pakhonde. Anakhala pamphasa, njere za mtedza zili m'manja, maso kumkuyu. Nthawi inapita ndithu.

"Kodi Amayi Busa apita kutchalitchi osatsanzika?" anafunsa.

Ndinaseka kuseka kwabodza. "Mwina asamuka."

Kunja kunali zii, anthu onse ali kumapemphero, ndipo m'kachetechete ameneyo tinayamba kumva kulira kochokera mumphako. Kanali kamawu kochepa kwambiri, ngati ka mwanapiye wotsalira m'chisa, kakulira n'kuleka, kakulira n'kuleka. Achemwali anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anayang'ana chala changa chimene ndinachimanga ndi kansanza.

"Chala chatani?"

"Ndadzitema ndi chikwakwa pomweta nsenjere."

"Bwera nacho kuno."

Anamasula kansanzako pang'onopang'ono, anaona timabowo tiwiri tija, kenako anasendeza dzanja langa kumphuno kwawo. Sanalisiye dzanjalo. Zala zawo zinali zotentha ndi zopepuka. Ndinayamba kulira ndisanafunsidwe n'komwe, ndipo ndinaulula zonse, dengu, nthenga, mwala wa m'munda.

"Utawagwira, bala unaliona?" anafunsa.

"Ndinaliona."

"Linali bwanji?"

"Linali litauma."

"Ndiye?"

"Ndinali nditayamba kale."

Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Mkwiyo ndikanaulandira mosangalala. "Onse amatero," anatero. Anasiya dzanja langa, n'kuloza mkuyu ndi chibwano. "Kwera. Kawatenge."

Mumphakomo munali masamba ouma ndi fungo lofunda. Ana analipo atatu, aliyense wosaposa chala changa, maso asanatseguke, ubweya utangoyamba kumene. Mmodzi anali atazizira kale, nyerere zitamuyamba kukamwa. Awiriwo ndinawaika m'thumba la malaya n'kutsika nawo. Achemwali anawalandira ndi manja awiri, n'kuwalowetsa m'bulauzi, pachifuwa pomwe panali mphini za dzulo lake. Anandituma mkaka wa Dona wotsala wa m'mawa, kuti ndiufunditse pang'ono, ndi kansalu koyera. Ankaviika nsonga ya kansaluko mumkaka n'kuifinyira pakamwa pa kamwana, dontho limodzi, kudikira, dontho lina.

Amalume atabwera ndipo atamva, anathyola nthambi ya bulugama. Ine ndinaima chilili kuidikira, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Koma achemwali anati, "Msiyeni, amalume. Mukam'menya adzuka?" Amalume anataya nthambiyo, anakhala pachitsa n'kundiuza kuti mankhwala amenewo iwo sangathire ngakhale mphaka, ndipo osasakaniza ndi madzi angagwetse ndi Dona yemwe. Anati dokotala weniweni amayamba wayang'ana, ndipo kawirikawiri amabwerera kwawo botolo lisanatsegulidwe. Atasuzumira ana aja anapukusa mutu. Mkaka wa ng'ombe, anatero, ndi wolemera, matumbo awo sangaukwanitse. Achemwali anafunsa ngati pali china chimene tingawapatse. Amalume anati palibe.

Achemwali anapitirizabe kuwamwetsa. Munthu amene ankalephera kumaliza kapu ya phala lake, ankadzuka kufunditsa ana a gologolo ndi kuwapukuta mimba ndi kansalu konyowa monga akanachitira mayi wawo ndi lilime. Amayi ankaonerera ali pakhomo la khitchini, ndipo za mtedza wambewu sanazitchulenso. Woyamba anafa Lolemba ndili kusukulu, mimba itatupa. Wachiwiri analimba mpaka Lachitatu. M'mawa wa tsikulo ndinapeza achemwali atamuika pachikhatho, akumuyang'ana akupuma movutikira.

"Waona, adokotala?" anatero, osandiyang'ana. "Mayi wawo sankafuna dokotala. Amene akufuna dokotala ndi uyu. Koma dokotala wake kulibe."

Sindinapite kusukulu tsiku limenelo. Ndinakamukwirira pansi pa mwala womwe uja.

Kuyambira pamenepo achemwali anati mphasa yawo iziyalidwa m'nyumba. Amayi ankawanyengerera kuti akapitidwe mphepo panja, iwo ankangoti kunjako kulibe choona. Sanandikalipirepo, sanatchulenso za gologolo, ankandiyankhula bwinobwino ndikawabweretsera madzi. Koma dzina lija la adokotala aang'ono linatha, ndinangokhala Lameki. Ndipo sindinawamvenso akuseka. Ndinayesa kuthira mtedza pansi pa mkuyu kuti mwina gologolo wina angabwere kudzalowa mumphakomo. Unadyedwa ndi nkhuku.

Amayi ndi amalume anawatengeranso achemwali kwina kawiri, kwa wamapemphero ndi kwa wazitsamba, ndipo maulendo onse awiri achemwaliwo ankati atopa. Anamwalira mu Disembala, anthu ali pakalikiliki kupalira. Amayi akuchapa zovala zawo pambuyo pa maliro, anapeza mfundo pakona ya chitenje chimene ankafunda. Atamasula munali njere za mtedza, zomwe zija anatuluka nazo pakhonde Lamulungu lija.

Tsopano ndine bambo wa ana anayi, ndili ndi ng'ombe zanga ziwiri, ndipo botolo langa ndimalitsekera m'bokosi. Mkuyu uja anaudula kalekale n'kuwotchera njerwa. Anthu akamva nkhaniyi amafulumira kundithandiza kupeza phunziro lake: nyama yakutchire isiye, imadzichiza yokha. N'zoona, ndipo ana anga ndimawauza mawu a achemwali monga momwe anandiuzira, kuti chikamadya, chikamakwera, chikamatukwana, chisiye. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anaona gologolo wothyoka mchira kumunda, ndinamuletsa kumugwira. Koma sindidziwa ngati imeneyo inali nzeru kapena mantha, chifukwa sitinamuonenso gologoloyo.

Phunzirolo silinditonthoza, chifukwa lili ndi mbali ina. Patangopita zaka zochepa achemwali atamwalira, mankhwala enieni a matenda aja anafika m'zipatala za kwathu. Mnzawo wina amene ankagwira naye ntchito ku Limbe, amene anaonda mofanana nawo, analimbikira mpaka kuwapeza. Lero amagulitsa tomato pamsika wa Namadzi, ndi mayi wonenepa, ali ndi zidzukulu. Ndikadutsa amandiitana, amandiwonjezera tomato wa ulere, n'kunena kuti ndimaseka ngati Elube. Ndimathokoza, koma tomatoyo sanditsika bwino pakhosi. Achemwali sankafunika kusiyidwa ngati Amayi Busa. Anali ngati kamwana ka pachikhatho kaja: thandizo ankalifuna, koma linali lisanafike. Ndiye amayi ndiwaimbe mlandu wanji, powakweza panjinga kupita nawo uku ndi uku? Amayi sankadziwa. Ine ndekha ndi amene ndinaona ndi maso anga kuti bala lauma, n'kulipalabe.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chochepa, ndipo n'chowawa. Manja akamayabwa pamaso pa wovutika, nthawi zambiri si chifundo. Ndi ifeyo amene tatopa ndi kuonerera, ndipo timafuna tichitepo kanthu kuti mtima wathu upume, wodwalayo n'kulipira. Achemwali sanandipemphepo kuti ndichize aliyense. Tsiku lililonse ndikabwera kusukulu ankasendera pang'ono pamphasa kundisiyira malo, n'kunena kuti, "Taona Amayi Busa lero." Ankangofuna munthu wokhala naye pansi, woonera naye limodzi chinthu chimodzi pakhomopo chimene chinkachira. Malowo sindinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaima chilili, chikwama kumsana, maso ali kudenga la khola.